Geti la Manja Awiri

Anthu ankangowatchula kuti a Mageti. Moyo wawo wonse anawotcherera zitsulo pakhonde la shopu yawo, maso ali psuu ndi moto, kupanga mageti oti akuba asalowe. Geti loti munthu asatuluke anali asanapangepo.

Mwana wawo wachitsiriza, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, sankalankhula. Kuchipatala anati ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa otizimu. Ankakonda kuona matayala akuzungulira, ndipo msewu waukulu unali pafupi ndi nyumba. Tsiku lina dalaivala wa lole anabwera naye atamunyamula, atatsala pang'ono kumugunda pamsewupo.

Tsiku lomwelo a Mageti anaika geti pakhonde la nyumba. Loko wa kiyi anamukana, poti moto ukabuka kiyi amasowa. Chotsekera anachiika mkati, cham'munsi, monga manja awo anazolowera. Mtsikanayo sankayang'ana anthu kumaso, koma manja ankawayang'anitsitsa. Anaona kamodzi, m'mawa mwake anatsegula.

Bambo ake anachikweza chotsekeracho. Mwana anakoka mpando n'kukwerapo. Anachikwezanso, ndipo amene analephera kufikira tsopano anali akazi awo.

"Bambo a mwana, mwatsekera ndani, mwana kapena ine?" anafunsa mayiwo, ndowa ya zochapa ili pamutu.

"Mukanatalikako pang'ono."

"Munandikwatira mukundiona."

Panapita masiku angapo. Kenako a Mageti anatulutsa tepi yoyezera.

"Tambasulani manja, mayi."

"Mwayamba kundiyeza bokosi ndili moyo?"

"Geti."

Anapanga zotsekera ziwiri, china uku china uko, zofunika kukoka nthawi imodzi. Ukasiya chimodzi, sipuling'i imachibweza. Mwanayo anaona zonse ndipo anamvetsa zonse. Anagwira chakumanzere, n'kutambasula dzanja linalo, koma linaperewera. Analira, anamenya chitsulo, kenako anakhala pansi. Bambo ake anatenga wilo lakale la njinga n'kulimangirira pagetipo, mbali ya mkati, loti lizizungulira. Mtsikanayo amatha m'mawa wonse akulizunguza ndi chala.

Getilo lilipobe, ndipo mwanayo sanafikenso kumsewu yekha. A Mageti amapita kushopu, amabwerako, sakamba za ilo. Koma mtsikanayo akatambasula manja kuti mayi ake amuveke diresi, bambowo amasiya zimene akuchita n'kuyang'ana. Tepi ija imakhala m'thumba mwawo.