Kabokosi ka Pazenera la Honest

Pa Chitakale, kuseri kwa siteji ya maminibasi, pali kabenchi kokonzerapo mafoni. Mwini wake ndi Marjory Nakhumwa, mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, wa zala za zipsera. Anabadwira kukomboni ya esiteti, kumene amayi ake akuthyolabe tiyi mpaka lero. Ntchito ya mafoni anaiphunzira poonerera mwamuna wake. Mwamunayo atapita ku Joni n'kulowerera konko, Marjory anatsala ndi benchi, zida ndi makina a mpweya wotentha omatulira tizipangizo ta m'foni.

Za makompyuta sankazidziwa. Ankazidziwa ndi mlongo wake wamng'ono, Honest, wakabaza wa njinga yamoto. Iyeyu akaweruka ankathamangira ku shopu ya magemu ya Bryson kukamenya mpira wa pasikirini, ndipo makompyutawo akawonongeka ndiye ankathandiza kumasula.

Tsiku lina kuli chiperoni, njinga inaterereka pamsewu wa m'tiyi n'kumuponyera m'ngalande ya miyala. Ku chipatala cha Mulanje Mission anapulumutsa moyo wake, koma miyendo sinadzukenso.

Atabwerera kukomboni, Honest anatembenukira kukhoma. Anzake akabaza anabwera masabata oyamba, kenako anayamba kuchepa, mpaka ziii. Chakudya ankangochilawa. Amayi ake ankamunyengerera m'Chichewa, akatopa m'Chilomwe, koma osaphula kanthu. Lamlungu lina Marjory akumusinthira zofunda anapeza sokosi pansi pa matiresi. M'katimo munali mapiritsi ake ochepetsa ululu, amene aliyense ankayesa kuti akumwa.

"Achimwene, izi n'zachiyani?"

"Mukanangondisiya m'ngalande muja, achemwali," anayankha osacheuka.

Marjory anatenga sokosiyo n'kutuluka. Abusa anabwera kudzapemphera, namwino anabwera kudzacheza naye, koma nkhope ya Honest inakhalabe kukhoma. Ndipo Marjory, posowa pogwira, anapita kwa Bryson.

"Ndikufuna makina ngati anuwa, oti azisewera ali chigonere."

Bryson anamuonetsa bokosi lakuda, lalikulu ngati chigubu cha madzi. Marjory anapukusa mutu. Chipinda chawo chinali ndi bedi la Honest, mphasa ya amayi, ndi njinga ya olumala imene inkatembenuka pokhapokha chitseko chikatsegulidwa. Pansi pankanyowa mvula ikagwa. Malo otsala anali pazenera basi, pafupi ndi mutu wa bedi.

"Zing'onozing'ono ziliko, koma n'zovuta," anatero Bryson. "Mukasankha bokosi laling'ono, chilichonse cholowa m'katimo chikhalenso chaching'ono. Ndiye zikapanikizana zimatentha. Pitani ku Limbe kwa a Mustafa, amagulitsa zakale."

Marjory anayeza pazenera ndi chingwe, n'kumanga mfundo posonyeza mulitali ndi m'lifupi. Anakwera minibasi atanyamula chingwecho ndi makina ake a mpweya wotentha, poti china chosinthanitsa analibe.

Shopu ya a Mustafa inali yodzaza makompyuta otha ntchito m'maofesi, osanjikizana mpaka kudenga. Iwo anali bambo wachikulire wa ndevu zoyera. Anamvetsera nkhani yonse, kenako anatsitsa kabokosi kopyapyala. Marjory anakayeza ndi chingwe chija. Kanakwana.

"Bodi yake ndi purosesa, ubongo wake wa kompyutayi, zili bwino," anatero a Mustafa. "Ramu, yothandiza kuti izithamanga, tiwonjezera. Chatsala ndi khadi ya zithunzi. Imeneyi ndiyo imajambula gemu pasikirini."

Anaika makhadi awiri patebulo. Ina inali yaing'ono ngati foni, ya kafani kamodzi. Inayo inali yaitali, yolemera, ya mafani awiri.

"Yamphamvu ndi iti?"

"Yaikuluyi, koma si ya kabokosi aka, mwanangu. Tengani yaing'onoyi."

"Yaing'onoyi idzaonetsa ngati za kwa Bryson?"

"Ayi. Idzayesetsa."

Marjory anaganiza za msana wa mlongo wake, mmene mafupa anayambira kuonekera. Chinthu chongoyesetsa sichikanamutembenuza munthu ameneyo. Anakankhira makina ake kwa a Mustafa n'kuloza khadi yaikulu. Iwo anamuletsanso, koma iye anakakamira. Anamuwonjezera sikirini yakale ndi padi yosewerera, namuuza kuti Mulungu amuthandize.

Marjory analumikizira zipangizozo m'chipinda cha Honest momwemo, masana, atakhala pansi pafupi ndi bedi, dala kuti Honest azimva. Khadi inakana kulowa. Inatsala pang'ono, ngati utali wa chala. Anaitembenuza, anaipendeketsa, osatheka. Anakabwereka sowo yodulira zitsulo kwa oyandikana nawo n'kucheka mbali ya kabokosiko mpaka khadi inalowa, mchira wake uli panja. Thukuta lili kamukamu, analumikiza nthambo n'kuyatsa.

Mafani anazungulira. Gemu imene Bryson anamupatsa inatseguka, bwalo lobiriwira linaoneka, ndipo khamu la ochemerera linafuula m'chipinda monse. Marjory anaona mutu wa Honest ukusuntha pa pilo.

Kenako phuu! Sikirini inada. Kautsi kanatuluka kuseri kwa kabokosi, ndi fungo la pulasitiki yopsa.

Marjory sanalire mwamuna wake atamuthawa, sanalirenso kuchipatala. Koma apa anagwira kumutu n'kulira mokweza ngati pamaliro, moti ana a pakomboni anasonkhana pakhomo.

"Mwaika injini ya lole pa njinga."

Marjory anatukula maso. Honest anali atatembenuka, nkhope yake yowonda itakwiya.

"Pawa saplayi imeneyo, yogawa magetsi m'katimo, ndi ya mu ofesi, yolembera makalata. Ingakoke bwanji khadi yotere? Anakugulitsani ndani? Bweretsani kuno."

Anamuikira kabokosiko pamimba. Manja a Honest anali ofooka, koma ankadziwa pogwira. Anazula khadi, anainunkhiza, anaiyang'ana pa kuwala.

"Khadiyi sinapse. Yapsa ndi pawa saplayi. Komabe muno siyingakhalemo, ilibe popumira. Ndipo bokosi mwalicheka ngati chinangwa."

Anakalipa mpaka mawu anasasa. Marjory ankangovomera, misozi ikuyendabe, akuopa kuti akayankha mlongo wakeyo asiya kulankhula.

Ulendo wachiwiri wa ku Limbe, Marjory anangokhala wogwira foni. Anaimba pa vidiyo, ndipo Honest ali pabedi ankakambirana ndi a Mustafa.

"Bambo, tandionetsani chomata cha pa pawa saplayiyo. Ayi, imeneyo n'chimodzimodzi ndi yakufa ija. Inayo? Ikwana m'kati?"

"Ikwana, koma fani yake imalira."

"Ilire. Bola ikoke. Khadi tipatseni yaing'ono ija, yosafuna nthambo yakeyake ya magetsi."

A Mustafa analandira khadi yaikulu osadandaula. Za makina a mpweya wotentha anapepesa kuti anapita kale ndi wina.

Kabokosi kaja lero kali pazenera. Pamene Marjory anacheka, Honest anamangirirapo fani ina ndi waya kuti mpweya uzilowa. Gemu zatsopano kamakana. Kamaseweretsa mpira wa zaka zam'mbuyo, ndipo osewera ake nkhope zawo sizidziwika bwino.

Marjory sanena kuti mlongo wake anachira. Pali masiku amene Honest amasewera mpaka zala kuwawa n'kumaliza mbale yonse. Pali ena amene sayatsa n'komwe, ndipo pamasiku oterowo Marjory amatseka benchi dzuwa likadali pamutu n'kuthamangira kukomboni mtima uli m'mwamba. Pabenchipo ntchito inachepa. Mafoni ofuna kumatula za m'kati amawabweza, ndipo makasitomala ena anasamukira kwa mnyamata wa kumsika.

Posachedwapa Elson, mlonda wa pa esiteti amene amakhala nyumba yoyandikana nayo, anasuzumira pakhomo n'kunena kuti mpira umenewo iye angathe kumuchinya Honest ngakhale atatsinzina. Honest anamuuza kuti abwere Loweruka adzaone. Koma padi ilipo imodzi yokha. Marjory wafunsa kale kwa Bryson ndi kumsika konse, sanaipeze. Wamva kuti ku Limbuli kuli munthu amene ali nayo yothyoka batani limodzi, ndipo wati apita akaione.