Ndinakana Bambo Anga Pansi pa Mlatho wa Sitima

Inu owerenga, zimene ndinachita n'zamanyazi, koma ndikuululirani kuti wina asadzazichitenso. Ndinakana bambo anga ondibereka, iwo ali chiimire pambali panga.

Ndinabadwira ku Pfupajena, m'tauni ya Chegutu. Agogo anga anachokera ku Nyasaland, ndipo bambo anakalambira m'fakitale ya nsalu. M'zaka zimene mafamu a azungu ankalandidwa zija, ife a magazi a ku Malawi tinkanyozedwa kuti ndife mabhurandaya, anthu opanda kwawo. Ine ndinachita mantha. Bambo akandilankhula m'Chichewa ndinkayankha m'Chishona, ndipo kwa anzanga ndinkabisa kumene tinachokera.

Bambo atayamba kudwaladwala, anandipempha kuti ndiwaperekeze kukaona mlatho wa miyala kuseri kwa Kadoma, pa njanji yakale yopita ku mgodi wina wotsekedwa. Ankati bambo awo anasenza nawo miyala yake. Ndinazengereza miyezi ingapo, mpaka mkazi wanga anandifunsa ngati ndikudikira maliro. Maminibasi, amene timawatcha makombi, ankasowa chifukwa mafuta kunalibe. Tinakwera lole ya thonje, kwinako tinayenda pansi, tikupumulapumula.

Mlathowo tinaupeza uli chilili. Unali wautali kuposa mitengo ya m'chigwa cha mtsinje umene unali pansi pake, kunsi kwake kuli zipata zokhota ngati uta. Zitsulo za njanji zinali zitazulidwa, pamwamba patamera udzu. Bambo anavula chipewa n'kugwira mwala umodzi ndi manja onse awiri.

Posakhalitsa panatulukira amuna atatu, nkhwangwa zili paphewa. Anali ena mwa amene anangopatsidwa kumene minda m'deralo. Wamkulu wawo anandifunsa kuti ndife yani, nanga nkhalambayo ndi yanga? Ndinayankha kuti ndi mkulu wina wa kumgodi, wangondipempha kumulondolera njira, sindimudziwa bwino.

Bambo anamva, koma sanandicheukire. Anayamba kufotokozera amunawo, m'Chishona chawo chothyokathyoka, momwe bambo awo ankakwerera ndi mwala pamutu mpaka tsitsi linatha paliwombo. Wamkulu uja anatsamiritsa nkhwangwa pakhoma. Anati mtsinje ukadzaza, ana awo amawolokera pa mlathowo popita kusukulu. Anawombera bambo m'manja, akuwatcha sekuru, kutanthauza agogo m'Chishona, n'kutuma mnzake kukatenga mahewu. Kenako anandiyang'anitsitsa.

“Iwe, nkhope yakoyi ndi ya asekuruwa. Ukubisa chiyani?”

Ndinasowa pothawira. Munthu amene ndinkamuopa ndiye analemekeza bambo anga, ine mwana wawo nditawataya.

Pobwerera ndinagwada pakati pa njira, misozi ili chuchuchu. Bambo anandigwira paphewa.

“Dzuka, mwana wanga. Mantha ndimawadziwa, inenso ndakhala nawo moyo wanga wonse. Koma wandifikitsa pamene ndinkafuna.”

Anamwalira mvula isanagwe chaka chomwecho. Ndimathokoza Mulungu kuti ndinapepesa iwo akadali ndi makutu omva. Ndimathokozanso mkazi wanga amene anandikankha, ndi bambo wa nkhwangwa uja, amene ngakhale dzina lake sindinafunse.

Inu owerenga, kholo lanu likakupemphani kuti muliperekeze kwinakwake, nyamukani mawa lomwe. Ndipo wina akadzakufunsani panjira kuti nkhalambayo ndi yani, yankhani mokweza. Ine mwayi wopepesa ndinaupeza, koma si onse amene amaupeza.