Foni yosasunga moto

Foni ija anatumiza ndi achimwene anga kuchokera ku Joni, itatopa kale m'manja mwa munthu wina. Inali yaikulu ngati chikhatho, koma moto sinkasunga. Kwathu kumapiri, kupitirira Nzama, magetsi kulibe. Tinali ndi kasola padenga, koma mitambo ikakuta masiku anayi, kankangokhala ngati mbale yoiwalika. Ndiye kunali kutsetsereka wapansi kukatchajitsa kumsika, n'kubwerera chokwera, msana uli wothyoka kale ndi kupalira kachewere.

Mayi amene ankatchaja mafoni m'golosale yake anandimvera chisoni atandiona kachitatu sabata imodzi.

"Bweretsani kuno," anatero. "Foni yanuyi ikudya ngati ili ndi njoka m'mimba."

Anachepetsa kuwala mpaka galasi linachita mdima. Anathimitsa kunjenjemera, anathimitsanso zija zosonyeza pamene munthu uli. Anaitchera kuti izigona msanga ndikangoisiya. Kenako anandilozera pa data.

"Wakuba wamkulu ndi uyu. Muziyatsa pokhapokha mukufuna."

Zinathandizadi. Moto unayamba kufika masiku atatu. Ndinawauza achimwene kuti data ndiziyatsa Lamulungu lokha tikaweruka ku tchalitchi. Anavomera, koma mawu awo anali a munthu amene akumva theka la zomwe ukunena.

Amene anadandaula ndi bambo anga. Iwo anagwirako ntchito kumigodi ali anyamata, ndipo anabwerako ndi chifuwa chimene sichinawasiye. Maso nawonso anali atayamba kuchita nkhungu. Achimwene akatumiza chithunzi cha mwana wawo, bambo ankaibweretsa foni pamphuno penipeni.

"Iwe, muno mulibe munthu. Ndikungoona mdima."

"Alimo, bambo. Wavala chipewa chofiira."

"Yatsa bwino ndimuone mdzukulu wanga."

Ndinkakweza kuwala, maso anga ali pa kachizindikiro ka batire. Iwo ankayang'ana nthawi yaitali, ine ndikuwerenga mumtima makilomita a kumsika. Pambuyo pake ndinaphunzira kuwalowetsa m'nyumba n'kutseka zenera, kuti chithunzi chizioneka popanda kukweza kalikonse. Ndimachita manyazi ndikakumbukira kuti nthawi zina ndinkawalanda foni asanakhutire.

Sabata ina ya mu Febuluwale kunagwa mvula yosalekeza. Lamulungu foni inali itatsala pang'ono kuzima, ndipo mtsinje wa panjira ya kumsika unali utadzaza. Data sindinayatse. Ndinati motowo ndiusunge, mwina bambo angadwalike n'kusowa poimbira. Lolemba ndi Lachiwiri zinali chimodzimodzi.

Lachitatu masana ndikusenda chimanga chachiwisi pakhonde, ndinaona munthu akukwera njira ya kudimba, chikwama chili pamutu, thalauza ili matope mpaka m'mawondo. Ndinamuzindikira ndi kayendedwe. Anali achimwene, ataonda, ali okha.

"Sunamve mauthenga anga?" anafunsa atakhala pansi.

"Data inali yothimitsa."

Sanakalipe. Anangovula nsapato n'kuyamba kukanda matope ndi kamtengo. Anati ntchito inatha miyezi iwiri yapitayo, mkazi wawo anatenga mwana n'kupita kwa abale ake, ndipo iwo anatsika basi pa Ntcheu m'mamawa opanda ngakhale ya kabaza. Anadikira pa depoti mpaka dzuwa kukwera, poganiza kuti ndituma munthu ndi njinga. Atatopa anayamba kuyenda.

Bambo anatuluka akugwira khoma. Anawapapasa achimwene kumaso, n'kufunsa kuti mwana ali kuti. Achimwene anapitiriza kukanda matope.

Mawa lake kunacha ndi dzuwa ndipo kasola kanagwira. Nditayatsa data, foni inayamba kulira mosalekeza. Anali mauthenga a mawu, asanu ndi awiri. Achimwene anali pomwepo pamkeka akumwa tiyi. Ndinatsegula woyamba, mawu awo anamveka pamodzi ndi phokoso la basi, akuti anyamuka, ndiwauze bambo pang'onopang'ono.

"Zisiye," anatero osandiyang'ana. "Ukungotha moto."

Otsalawo ndinakawamvera kumunda ndili ndekha. Womaliza unali waufupi. Ankangofunsa ngati mlatho wa mitengo wa pamtsinje uja unali ukadalipo, kapena azungulire njira ya kumtunda.