Manifodi ya Datisani ya Abambo

Chomwe ndimakumbukira kwambiri pa nyengo imeneyo ndi kachidutswa ka katoni ya sopo, kotalika ngati mkono wanga wa nthawiyo, kokhala ndi zidindo zinayi zakuda za oyilo. Ndinkakasunga m'buku la masamu kuti kasapindike, ndipo bukulo linanunkha galaja mpaka kutha kwa chaka. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mtsikana woyamba kubadwa m'nyumba yomwe munali mutangochitika maliro.

Abambo anamwalira mwera utangoyamba. Anatisiyira nyumba kwa Mponda ndi Datisani yobiriwira ya bokosi kumbuyo, yakale kwambiri moti anthu ankaseka kuti ndi nkhalamba kuposa mwini wake. Asekeni, koma galimoto imeneyo ndiyo inkatidyetsa. Inkapita kumadooko a cha ku Makokola kukatenga usipa ndi utaka wouma n'kubwera nazo kumsika wa pa boma. Sabata lomwe abambo anagonekedwa m'chipatala, manifodi yake inang'ambika. Manifodi ndi chitsulo cha mapaipi anayi chomwe chimatenga mpweya wosakanikirana ndi petulo kuchokera ku kabuleta n'kukaulowetsa mu injini. Ikang'ambika, injini imatsokomola, imanjenjemera, kenako imazima. Makaniko wa abambo anali ataiwotcherera kawiri, ndipo anati kachitatu kukhala kudzinamiza.

Amayi anali pa eda. Kwa miyezi inayi ndi masiku khumi, mkazi wachisilamu amene wataya mwamuna amakhala pakhomo, osadzikongoletsa, osacheza ndi amuna. Amayi anasunga mwambowo ndi mtima wonse, ndipo sindilola munthu aunyoze pamaso panga. Amene amandipsetsa mtima mpaka lero ndi anthu omwe amaona masiku amenewo ngati mpata, podziwa kuti mwini katundu sangatuluke kudzawaloza chala.

Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa abambo, anafika kuchokera ku Joni kutatsala masiku ochepa kuti tichite sadaka ya masiku makumi anayi. M'chikwama mwawo munatuluka manifodi yonyezimira ngati poto watsopano, pamodzi ndi makabuleta awiri omangirira pamenepo. Amuna ankabwera kudzaisisita. "Ku Joni magalimoto akale ngati awa ndi golide," ankatero bambo aang'ono. "Ikangolowa iyi, Datisani iziuluka." Ankafuna kuipenta, kuichotsa fungo la nsomba, n'kupita nayo ku Blantyre kuti anthu okonda magalimoto akale azikaichemerera. Za chomwe ife tizidya sanatchulepo. Pa sadaka paja akuluakulu a kuchimuna anamanga mfundo mwachidule: galimoto yakufa si ya munthu, woidzutsa ndiye aziyendetsa. Amayi anamva zonsezo ali kuseri kwa chitseko.

Mawa lake anandiitanira kuchipinda. Anthu ankaiwala kuti amayi anakhala pampando wa kumanzere wa galimotoyo zaka khumi ndi zisanu, akupatsira abambo masipanala, akutsika kukakankha ikatitimira. "Galimoto ya mumchenga siifuna liwiro, imafuna mphamvu," anandiuza. Anafotokoza kuti mapaipi aafupi ndi otakasuka ngati a bambo aang'ono amakoma pa tala, injini ikamalira mokweza. Koma kudooko, matumba ali mulu kumbuyo, matayala atamira, pamafunika mapaipi ataliko ndi opapatiza, ndi kabuleta imodzi yosamwa petulo ngati ili ndi ludzu la chaka. Sindinamve zonse. Ndinamva chimodzi chokha, chakuti chitsulo cha bambo aang'ono chikalira pa injini ija, galimoto yapita.

Lachisanu amuna onse atapita kumzikiti, ndinachita zomwe amayi anandituma. Manifodi yong'ambika ija makaniko anali atachotsa kale, choncho m'mbali mwa injini munali mabowo oonekera. Ndinakwera pa njerwa, ndinatsegula boneti yotentha ngati chiwaya, ndinapaka oyilo wakuda m'mphepete mwa mabowo anayi olowera mpweya, n'kudinda katoni ija mwamphamvu ndi chikhatho. Akangaude anali atamanga kale nyumba pa batire. Pa katoni panatuluka zidindo zinayi zozungulira bwinobwino. Kenako ndinalowa m'chipinda cha alendo, ndinavundukula manifodi yonyezimira ija n'kuyerekeza. Mabowo ake anali aakulu, otalika ngati dzira.

Nditawaonetsa amayi ndi zala, anaseka koyamba chimwalirireni abambo. "Alamu agula ya injini ina," anatero. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma usanene kanthu, tipeze yathu kaye."

Anamasula mfundo ya pansalu n'kundipatsa ndalama zomwe ankasungira tsiku loipa, ndipo Lolemba sindinapite kusukulu. Aphunzitsi anandikwapula mawa lake, ndipo ndinalandira zikwapuzo osagwetsa msozi, chifukwa ndinkadziwa chomwe ndinajombera. Ndinakwera kabaza mpaka pa boma, kushopu ya masipeya ya kuseri kwa depoti. Mwini shopu anayang'ana mpango wanga ndi mapazi anga afumbi, n'kufunsa ngati sindinasochere popita kogula tomato. Anzake anaseka. Komabe anatulutsa manifodi atatu. Yoyamba inali yochotsa pa galimoto ina yakufa, ndipo inali ndi chipsera cha kuwotcherera ngati yathu yomwe. Yachiwiri inali yopukutidwa bwino, ya makabuleta awiri, ndipo iyi ndi yomwe ankandikankhira. Yachitatu anaiponya pa kauntala monyinyirika. Inali yatsopano, yosachokera kwa opanga galimotoyo koma yopangidwira injini ngati yathu, yotuwa, yokhakhala ngati mphero, yonyansa ndithu.

Ndinatulutsa katoni yanga n'kuiyala pa iliyonse. Ndinalowetsa chala m'mapaipi kumva ngati muli timinga ta chitsulo. Kenako ndinagoneka lula yanga ya kusukulu pa nkhope ya manifodi, pomwe imakhudzana ndi injini, n'kuyang'ana chakudzuwa ngati kuwala kukudutsa pansi pake, chifukwa amayi anati yopindika imaba mpweya ngakhale uimange chotani. Kuseka kuja kunatha. "Ndiwe mwana wa ndani iwe?" anafunsa mwini shopu. Ndinamuuza kuti ndine mwana wa amayi anga, ndipo ndinatenga yotuwa ija. Lero ndikuona kuti yankho limenelo linali lachipongwe, ndipo ndikanaliyankhanso.

Loweruka bambo aang'ono anaitana makaniko ndi amuna angapo kuti adzaone Datisani ikuuka. Makaniko atangoyerekeza manifodi yonyezimira ija ndi injini anakanda m'mutu. Anaona chomwe ine ndinaona, koma anali munthu wa ana asanu, wosafuna kukangana ndi wochokera ku Joni. Bambo aang'ono anati mpata wotsalawo atseka ndi guluu. Apo ndiye ndinalephera kupirira. Ndinadutsa pakati pa amunawo osagwada, ndinayala katoni yanga pa chitsulo chawo, n'kunena kuti, "Siikwana, bambo."

Nkhope ya bambo aang'ono inasintha. "Kodi pakhomo pano ana aakazi amalankhula pa amuna? Amako akuphunzitsa zimenezi?" Anakweza dzanja. Ndinkaopa kwambiri, koma sindinasunthe.

Ndiye pa zenera la kuchipinda panamveka mawu a amayi. Sanalankhule ndi mwamuna aliyense, mwambo sanauphwanye. Analankhula ndi ine, koma mokweza kuti wa kumsewu amve. "Mwanangu, uwauze bambo ako aang'ono kuti akuluakulu anati woidzutsa ndiye aziyendetsa. Ayambe iwo, ndi aakulu. Ikakana, tiyese yathu. Kutsutsa galu n'kukumba." Ndinabwereza mawuwo limodzilimodzi, ndikuwayang'ana m'maso, ngakhale aliyense anali atawamva kale.

Anamanga yawo. Zinatenga mpaka dzuwa kufika pamutu, guluu wofiira ali tayale m'manja mwa aliyense. Injini inalira kamodzi, inaphulika ngati mfuti mpaka nkhuku kubalalika, inalavula utsi, n'kuzima. Anayesa kasanu, anakankha, anatukwana petulo wa kuno. Kenako makaniko, osayang'ana munthu, anatambasula dzanja kwa ine. Ndinathamangira kunyumba n'kukasolola yotuwa ija pansi pa bedi la amayi. Anaimanga pamodzi ndi kabuleta yakale ya abambo, akumanga mabawuti kuyambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono. Pa kiyi wachiwiri injini inagwira, n'kukhazikika phee ngati munthu wopuma bwino. Amuna asanu ndi mmodzi anakwera kumbuyo kuti akhale katundu, ndipo makaniko anailowetsa dala mumchenga wa kukhwawa. Inatuluka yokha, popanda wokankha.

Bambo aang'ono anakulunga chitsulo chawo m'thaulo, ndipo patapita masiku awiri anabwerera ku Joni osatsanzika. Azakhali anabwera katatu kudzanena kuti ndipepese chifukwa ndinachititsa manyazi munthu wamkulu pagulu. Sindinapepese. Ndili ndi ana anga tsopano, ndimawaphunzitsa ulemu, koma ulemu womwe umafuna kuti ana amasiye agone ndi njala kuti wamkulu asachite manyazi, umenewo sindiudziwa. Galimoto inatsala pakhomo, ndipo eda itatha amayi anaiyendetsa okha mpaka tonse tinamaliza sukulu.

Koma tsiku lija, Datisani itabwerako kukhwawa n'kuima pachipata injini ikulira, ndinathamangira m'nyumba kukauza amayi kuti tapambana. Kuchipinda kunalibe munthu. Ndinawapeza kuseri, pakati pa khitchini ndi bafa, ataima chilili ndi ndowa ya madzi m'manja, thaulo lili paphewa. Ankayang'ana ndowayo ngati sakudziwa kuti yafika bwanji m'manja mwawo. Anaitula pansi pang'onopang'ono, madzi akutayikira kumapazi, nati, "Kawauze azimitse."

Ndinakwiya nawo kwambiri. Ndinali nditakwapulidwa kusukulu, nditasekedwa pa boma, nditaima pamaso pa dzanja la munthu wamkulu, ndipo iwo sanathe ngakhale kumwetulira. Ndinatuluka ndikumenyetsa mapazi, ndikuganiza kuti mwina ndinasankha yolakwika, mwina khutu lawo lamva vuto lomwe ife sitinamve. Sindikanadziwa pa msinkhu umenewo kuti kwa zaka khumi ndi zisanu, injini ija ikangomveka pachipata, amayi ankanyamuka kukawaikira abambo madzi osamba, ndi kuti miyendo yawo inali isanauzidwe za maliro.