Odi wa pakhola la a Ackson

Anthu a msewu wa ku Nsaru amawadziwa a Ackson, mkulu wotsimphina uja amene kwa zaka makumi atatu ankapalasa njinga m'mawa uliwonse, chigubu cha mkaka chili pakaliyala. Anabwera kuno ali mnyamata, mwana wa matenanti a fodya. Fodya sanagwirizane naye. Ng'ombe ndiye anagwirizana nazo, ngakhale ubwenzi wake unayamba ndi theche. Ali pa ganyu pa famu ina cha ku Chitedze, anadzera kumbuyo kwa ng'ombe mwakachetechete, ndowa ili m'manja. Bondo lakumanzere silinawongokenso.

Kuyambira tsiku limenelo a Ackson salowa m'khola osanena odi. Amaima pachipata, kunena odi ngati afika pakhomo pa apongozi, kudikira ng'ombe itembenuke iwaone, kenako n'kulowa. Anzawo ankawaseka kuti posachedwa aziigwadiranso. Iwo ankangoloza bondo.

Chaka chilichonse ana a Sitandade 6 a pasukulu yapafupi ankabwera kudzaona kakamidwe ka mkaka. Amenewo ndiwo anali masiku a a Ackson. Ankavala majombo otsukatsuka, n'kuwafoletsa anawo pamzere kunja kwa khola. Kusamba m'manja musanagwire bere la ng'ombe. Mankhwala a nkhupakupa osawasunga m'botolo la zakumwa. Chikwanje chodulira nsenjere osachisiya pansi. Koma phunziro loyamba linali odi, ndipo mwana wothamangira pachipata ankabwezedwa kukayambiranso.

Ukalamba sunanene odi. Zala zinayamba kuuma, kukama kunakanika, ndipo ng'ombe yaikulu mwana wawo Moses anaigulitsa. Linatsala thole lalikazi limodzi. Limeneli a Ackson anakana kugulitsa. Ng'ombe yawo yoyamba anachita kupatsidwa ndi gulu la alimi a mkaka, ndipo yomaliza anafuna ipite momwemonso, kwa munthu woti aisamale. Komiti ya gululo inawapatsa mpaka Lachisanu kuti atchule dzina, apo ayi isankha yokha.

Anabwera amuna atatu, aliyense tsiku lake. Onse ankangolowa m'khola ngati m'bafa mwawo, kulimenya tholelo pamsana, kuliyamikira miyendo. A Ackson ankawaperekeza bwinobwino mpaka kumsewu, koma mtima unkawawawa. Ankaona kuti zonse zimene anaphunzitsa kwa zaka zonsezi zapita ndi mphepo.

Lachinayi kunabwera ana asukulu, ndi mphunzitsi wamkazi wachilendo. A Ackson anali asanamalize n'kuvala majombo komwe pamene mayiyo anaimitsa ana onse kutali, iye n'kuyandikira chipata yekha.

"Odi," anatero motsitsa mawu. Anadikira mpaka thole linatembenuka, kenako anatambasula dzanja kuti limununkhize.

A Ackson anaima ndi jombo imodzi m'manja.

"Kodi aphunzitsi, zimenezo anakuphunzitsani ndani?"

"Ndinu nomwe, bambo. Ndine Rozaria, mwana wa a Thomson a ku Kabudula. Ndinkakhala kwa azakhali kuno. Munandibweza kawiri pachipata chomwechi, mpaka ndinalira."

"Eti? Kamtsikana kothamanga kaja?"

"Komweko. Chaka chilichonse, kulikonse kumene ndaphunzitsako, ana anga amadziwa za bondo lanu."

Mkuluyo anaseka, koma misozi inali pafupi. Tsiku limenelo sanaphunzitse zambiri. Anakhala pampando wawo wokamira n'kumamvetsera mawu awo omwe akutuluka m'kamwa mwa munthu wina, osasiyako ngakhale za chikwanje. Ana atayamba kufola kuti azibwerera, anamuitanira pambali mphunzitsiyo.

"Kwanuko malo obzala nsenjere alipo?"

"Alipo, kuseri kwa nyumba."

"Ndiye yambani kumanga khola. Mawa ndikukatchula dzina lanu."

Thole linapita patatha milungu itatu, Rozaria ali patsogolo ndi chingwe, ana a kalasi yake akutsatira chapatali monga anaphunzitsidwira. A Ackson anawaperekeza mpaka pamene bondo linakanira.

M'mawa mwake anadzuka nthawi yawo yakale. Anakumbukira kuti ndowa anaiiwala m'khola, ndipo anapita kukaitenga. Pachipata anaima.

"Odi," anatero.

Anadikira pang'ono, monga mwa masiku onse, kenako analowa.