Dzungu la pabwalo la konkire

Kunali mphepo yozizira m'mawa umenewo, ndipo kuyambira mbandakucha kunkamveka kulira kwa katapila ndi zitsulo zikugwa. Ankagumula bwalo lakale la pakati pa tauni yathu.

Tauniyo inamangidwa yonse nthawi imodzi, ya konkire yokhayokha, njira za oyenda pansi pamwamba, magalimoto pansi. Pabwalopo panali miphika ikuluikulu ya simenti imene maluwa ake anafa kalekale. Mu umodzi mwa miphikayo akazi anga anadzala maungu a mbewu ya kwathu, kuti tizidya nkhwani. Atamwalira, thupi tinalitumiza ku Malawi. Kuno kunangotsala maunguwo, ndipo chaka chilichonse ndinkasunga nthanga zake.

Bwalolo lisanayambe kugumulidwa, ojambula mapulani anaitanitsa msonkhano m'holo, natiwonetsa katauni ka makatoni kokhala ndi mitengo ndi misewu yatsopano. Anati aliyense anene malo amene amawakonda. Ine ndinakhala kumbuyo, chipewa pabondo, kudikira kuti andipatse mpata wolankhula monga timachitira kwathu. Palibe anandiitana.

Tsiku logumulalo dzungu lomaliza linali lisanathyoledwe, ndipo nthanga zina ndinalibe, zonse ndinali nditadzala. Ndinalowera pampata wa waya wotchinga malowo. Nditayenda pang'ono, dzanja la katapila linatembenukira kumene ndinali. Fumbi linandilowa m'kamwa, pemphero linakana kutuluka. Ndinaganiza za apolisi, ndi za mwana wanga ku Woodbridge akulandira foni.

Wantchito wina anathamanga n'kundigwira mkono. Atandimva ndikuti "Ambuye," anasiya Chingerezi. Anali wa ku Lusaka.

"Imwe amdala, mufuna kufa? Muchita chani muno?"

"Dzungu la akazi anga lili apo."

"Dzungu chabe? Mu sitolo yaliko yambiri, batate! Tiyeni, bazanichosa nchito."

Anandikoka mpaka kunja. Ndili chigwirire waya, khoma la njira ya pamwamba linagwera pamphikapo.

Kwa miyezi ingapo ndinkazungulira kutali popita kutchalitchi, ndipo galimoto yotola zinyalala ikalira ndinkadzidzimuka.

Lero pamalopo pali mitengo yamthunzi ndi mabenchi, ana amasewera m'madzi otumphuka pansi. Ndi pabwino kuposa kale, sindinganame. Ojambula aja sanadziwe chimene chinali mumphikamo, chifukwa sindinawauze. Wa ku Lusaka uja ankadziwa, koma ankawopa monga ndinkawopera ine. Ndinawakhululukira onsewo.