Mphindi Zisanu ndi Ziwiri za Ambrose

Inu amene mukuona ngati zonse zakutherani, imvani za Ambrose.

Lolemba lina mu 1991, mkazi wake Matilda adamumangira bulangeti, sopo ndi kapu m'kathumba. Sikuti kudali ulendo ayi. Masiku amenewo munthu akauzidwa kuti galimoto ibwera kudzamutenga, ankakonzekeratu, chifukwa otengedwa ambiri sankabwerako.

Ambrose adali mwana wamasiye wa ku Utale. Sitandade 8 adailephera kawiri. Ntchito imene adaipeza idali yaulonda pa depoti ina ya thonje ku Balaka. Lole ikamatuluka iye ankadina batani pageti, kompyuta ya mu ofesi n'kulemba nthawi.

Lachisanu lapitalo akuluakulu a chipani ankadutsa. Lamulo lidati ikakwana naini koloko lole isatulukenso. Ambrose adatulutsa yomaliza kutatsala mphindi ziwiri, kawailesi kake kali kukhutu. Mwatsoka loleyo idafera pamsewu waukulu n'kuimitsa mdipiti wonse. Pepala la kompyuta lidati idatuluka 9:05.

"Unkafuna kuchititsa manyazi akuluakulu," adatero tcheyamani wa chipani m'deralo. "Lachinayi tikutenga."

A Blasius, manijala wa depoti, adangopukusa mutu. "Makinawa sanama, Ambrose. Kabokosi kali pazenerako kamamva kulira kwa nthawi pa wailesi, n'kutumiza chizindikiro pachingwe, wotchi ya kompyuta n'kuwongoka yokha. Iwe wa Sitandade 8 ungatsutse zimenezo?"

Lolemba lomwelo, itatsala pang'ono thwelofu koloko, Ambrose adakaima pazenera la ofesi ndi kawailesi kake. Mkatimo mudali kalaliki, a Bernadetta.

"Mundiphetsa inu, a Ambrose."

"Ingondiwerengerani manambalawo, achemwali."

Wailesi italira, kompyuta idali patsogolo ndi mphindi zisanu ndi ziwiri ndi masekondi anayi. Lachiwiri adabweranso: masekondi aja adali asanu ndi atatu. Lachitatu adafika khumi ndi awiri. Zonse ankalemba kuseri kwa tikiti ya thonje.

Adaganiza motere: chizindikiro chikadakhala kuti chikufika, kusiyanaku sikukadamakula. Ndiye kuti chikuthera panjira. Adatsata chingwe ndi maso mpaka pomwe chidalowa kuseri kwa kompyuta.

Pamenepo padali nsalu ya chipani yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri. Amayi a chipani adaifunditsa pakompyutapo tsiku lotsegulira makinawo kuti asalowe fumbi, n'kuikanikizira zolimba kumbuyo. Chiyambire palibe adaikhudza. Munthu wopezeka akukwinya nkhope imeneyo sakadagona kwawo.

Lachinayi galimoto idafika dzuwa lili pamutu. Matilda adaima kunja kwa geti ndi kathumba kaja.

"A Tcheyamani, ndipita," adatero Ambrose. "Koma timve kaye wailesi."

Adalowa mu ofesi. Wailesi idalira thwelofu koloko. Kompyuta idaonetsa 12:07.

"Tsono wonama ndani apa, bwana? Wailesi ya boma kapena makinawa?" adafunsa Ambrose.

A Tcheyamani adayang'ana anyamata awo, anyamatawo adayang'ana pansi. Ndani akadanena kuti wailesi ya boma yanama?

"Kawailesi kakoko wakachita matsenga," adatero a Tcheyamani pomaliza.

"Iyayi, bwana. Vuto lili kuseri kwa nsaluyo. Ine manja anga ndi afumbi. Inyamuleni ndinu."

A Tcheyamani adaipinda nsaluyo ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu. Kuseriko chingwe chidali ndi cholumikizira cha mano asanu ndi anayi. Nsalu idachikoka, chidangolendewera chopendekeka, mano ena ali pamtunda. Ambrose adachikankhira m'malo mwake n'kumanga tizomangira take tiwiri.

Palibe chidasintha. Manambala adapitirira kuthamanga patsogolo.

"Kabokosi kamayembekeza ola likwane," adanong'ona a Bernadetta.

"Wani koloko," adatero a Tcheyamani. "Zikapanda kusintha, ukwera."

Ola limenelo Ambrose adalikhala chiimire. Sankadziwa ngati dzino lina silidathyoke. Pazenera ankaona Matilda atakumbatira kathumba, galimoto ikulira pageti.

Wailesi idalira. Pa kulira komaliza, manambala a kompyuta adadumpha chobwerera: 1:00.

A Tcheyamani adatsokomola, adauza a Blasius kuti nsaluyo aipachike pakhoma pooneka bwino, natuluka. Galimoto idapita yopanda Ambrose.

Chaka chotsatira a Blasius adamutumiza kukaphunzira za makina. Patapita zaka, maofesi a ku Balaka mpaka ku Machinga ankamuitana kompyuta ikavuta. Akafika sankalankhula zambiri. Ankayamba wayang'ana kuseri.

Matilda adatisiya kale. Kathumba kaja kakadalipo m'nyumba, sikadamasulidwe.

Inu amene akukuuzani kuti sukulu yanu ndi yochepa, kuti pepala lanena kale: mantha adzakugwirani ndithu, ngakhale Ambrose adanjenjemera masiku anayi onse. Koma kaimeni pazenera. Lembani zimene mwaona, mawa mubwerenso. Osataya mtima ola lisanakwane.